Chaka chimene amayi anasiya kundimanga tsitsi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anasiya kundimanga tsitsi. Sanandiuze chifukwa. Loweruka lina masana ndinayala mkeka pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yathu, monga tinkachitira nthawi zonse pokonzekera Lamulungu. Ndinaikapo chipeso, ulusi wakuda ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, n'kukhala pansi kudikira kuti andipanikize pakati pa mawondo awo. Amayi anabwera, anayang'ana zinthuzo, kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kagalasi kosweka mbali imodzi. Anakatsamiritsa patsinde la mtengo.

"Lero umanga wekha, Lonesi," anatero.

Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iwo sanaseke. Anakhala pataliko pa mtondo wogubuduzika, mwana wathu wakhanda Tadala ali kumsana, n'kumandiuza pamene ndigawe tsitsi, mmene ndikulungire ulusi, ndi mmene ndiulumire ndi mano pomaliza. Manja anga anatopa msanga. Timinyanga timene ndinamanga tinali topendama, tina tonenepa, tina toonda ngati mchira wa mbewa, ndipo kumbuyo kwa mutu sindinkaonako n'komwe. Ndinalira. Amayi anangoti, "Masula, yambanso." Mawa lake ku tchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni nditafunda mpango kumutu, dzuwa lonse lija la ku Golomoti.

Kwathu ndi m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti, kumene abambo ankalima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Anthu ambiri kumeneko amapemphera ku mishoni, koma ife tinali a kampingo kakang'ono kofolera ndi udzu. Abusa athu ankakhala kutali, ndipo ankafika pa njinga mwa apo ndi apo kudzabatiza ndi kudzadyetsa mgonero. Masabata ena onse wolalikira ankakhala abambo. Anali ndi mawu ofatsa, ndipo anali atalemba mayeso a Folomu 4 ali kale bambo wa ana. Chaka chimenecho akuluakulu a mpingo anawasankha kuti apite ku koleji ya ubusa, kumtunda kozizira, akaphunzire zaka zitatu. Lamulo la kolejiyo linali lakuti wophunzira wokwatira apite ndi mkazi wake, chifukwa nayenso mkaziyo ankakhala ndi sukulu yakeyake yomukonzekeretsa kukhala mayi busa.

Ine ndinangomva mawu akuti tikupita ku koleji. Ndinawauza anzanga onse kusukulu, ndinawauzanso aphunzitsi. Ndinamuuza ngakhale mlongo wanga Yamikani, amene anali ndi zaka zinayi zokha, kuti kumeneko kuli magetsi ndipo madzi amatuluka m'khoma.

Nkhani ya tsitsi inali chiyambi chabe. Amayi, amene kale ankandidzutsa pondisisita pamsana, anayamba kungoima pakhomo n'kunena kuti kwacha. Anandipatsa ndowa yaikulu m'malo mwa kachidebe kanga, nandiphunzitsa kupinda nkhata kuti khosi lisapweteke pochokera ku mjigo. Anandiphunzitsa kusinja mpunga osauphwanya, kupeta osataya, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, kusoka batani, kuchapa yunifolomu madzulo kuti iume pofika m'mawa. Ndikalakwitsa sankandimenya, koma sankandithandizanso. Ankangoima chapatali, manja atawapinda pachifuwa ngati akuwagwira kuti asathawe.

Panali zinanso zimene ankandiuza, zimene sindinkamvetsa kuti zikuchokera kuti. Tsiku lina tikubwera kudimba anati, "Ukamva mutu ndi kuzizidwa, usadikire kuti munthu akufunse. Nena wekha kuti ndadwala." Tsiku lina anati, "Pakhomo pa eni ake suyamba ndiwe kupisa m'mbale ya ndiwo, koma usachitenso manyazi mpaka kugona ndi njala."

Mutu wa mwana umalumikiza zinthu m'njira yakeyake. Ine ndinaganiza kuti ku koleji salandira ana aulesi. Ndinaganiza kuti pachipata pamakhala munthu woona ngati mwana amatha kudzisamala, ndipo amayi akuopa kuti ndingakawachititse manyazi, kapena kuti angakandibweze. Choncho ndinalimbikira ndi mtima wanga wonse. Ndinkadzuka asanaime pakhomo. Ndinkapita ku mjigo osatumidwa. Ndinkakhala ndi kagalasi kaja mpaka khosi kuuma, ndipo pofika nyengo yokolola timinyanga tanga tinkaima mizere yowongoka, ngakhale kumbuyo kumene ndinkangokuona ndi zala. Loweruka lina ndinapita kukawaonetsa amayi. Anandizungulira, anagwira kamodzi pamwamba pa mutu wanga, n'kunena kuti, "Tsopano watha." Ndinkayembekezera kuti amwetulira. Anatembenuka n'kupita kukasesa pabwalo pamene ndinali nditasesa kale.

Anandiuza kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Kunali m'mawa, katundu atamangidwa kale pakhonde: sutikesi ya abambo, mabulangete obwereka chifukwa cha kuzizira kwa kumtunda, thumba la mpunga, ndi miphika yomangidwa m'chitenje. Jumbo yanga ndinali nditaiika pamwamba penipeni, muli madiresi anga awiri, yunifolomu, chipeso ndi kagalasi. Amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anali atabwera ndipo anakhala pamkeka. Abambo anandiitana n'kundikhazika pa mpando wawo wa ndalema, umene ana sitinkaloledwa kukhalapo.

"Mwanawe," anayamba, "nyumba za ku koleji n'zazing'ono. Chipinda chimodzi ndi pabalaza. Amalola ana awiri okha, aang'ono amene sanayambe sukulu. Iwe utsala ndi amayi ako aakuluwa. Uli kale pasukulu, ndipo ndiwe wamkulu."

Ndinayang'ana amayi. Anali ataima pakona ya nyumba, akuyang'ana lichero limene linali m'manja mwawo.

"Koma ndaphunzira zonse," ndinatero.

"N'chifukwa chake mitima yathu ili m'malo," anatero abambo. Ankanena zoona, ndipo ankaganiza kuti akundiyamikira.

Amayi anazimiririka kuseri kwa nyumba. Patapita kanthawi ndinamva lichero likulira, akupeta mpunga umene unali wopetapeta kale. Amayi aakulu ndi amene ananyamuka, nachotsa jumbo yanga pamulu paja, naiika pamiyendo pawo.

Mawa lake tinawaperekeza kumsewu. Anakwera matola opita ku Dedza kudzera ku Khwekhwelere. Abambo anapemphera tili chiimire, dalaivala akuliza hutala. Yamikani ankandibayibitsa mosangalala chifukwa anali asanakwerepo galimoto. Amayi anakhala pa thumba la mpunga atandifulatira, ndipo sanacheuke mpaka galimoto inakhota. Msana umenewo ndinausunga mumtima zaka zambiri, ndipo ndinkaumasulira molakwika.

Sindinganene kuti ndinazunzika. Amayi aakulu anali munthu wa pakamwa pakuthwa koma wa m'manja motambasuka. Mwamuna wawo anali atamwalira, ana awo atakula n'kupita kutauni, ndipo ankagulitsa zitumbuwa pamsika. Ankanditcha "akoleji" akafuna kundiseka. "Akoleji, tabweretsani mchere kuno." Nyengo ya dzinja ndinkawathandiza kuwokera mpunga, misundu ikutikakamira m'miyendo. Mpunga ukayamba kucha ndinkakhala pa chulu ndi chitini chokhala ndi timiyala, n'kumaingitsa mpheta. Pamenepo m'pamene ndinkayang'ana mapiri a kumadzulo, kumene msewu umakwera mokhotakhota, ndi kudzifunsa kuti kodi ndinalakwitsa chiyani pa zonse zija ndinaphunzira. Chifukwa mumtima mwanga nkhani ya nyumba yaing'ono sindinaikhulupirire. Kwathu tinkagona anthu asanu m'nyumba yaing'ono, ndipo palibe amene anatsala panja.

Chaka choyamba chitatha abambo anabwera okha. Anali atavala jekete, ndipo anali ndi buku limene zilembo zake zinkaoneka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Anati ndi Chigiriki, chinenero chimene mbali ina ya Malemba inalembedwamo poyambirira, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuchidziwako. Anati amaphunziranso mbiri ya mpingo, kalalikidwe, ndi mmene mbusa amalankhulira ndi anthu ofedwa.

"Nanga alamu," anatero amayi aakulu akukanda ufa wa zitumbuwa, "zaka zonse zija munkalalikira m'Chichewa, Mulungu ankangovomera mwaulemu osamva kanthu?"

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinafunsa kuti amayi ali kuti. Anandifotokozera kuti pa tchuthi ophunzira sapuma kwenikweni, amatumizidwa ndi akazi awo ku mipingo yakutali kukaphunzira ntchito pamaso pa abusa akale, ndipo iwo angoba masiku ochepa kuti adzandione. Anati amayi akuchita bwino kwambiri. Tsopano amawerenga osatsatira ndi chala, amatsogolera mapemphero a amayi, ndipo aphunzira kusoka pa makina.

"Amandifunsa?"

"Amakutchula m'pemphero tsiku lililonse."

Yankho limenelo silinandikwanire. M'pemphero ankatchulamonso odwala, a m'ndende ndi a boma.

Amayi anabwera m'chaka chachitatu, pa tchuthi cha Khirisimasi, mvula itagwa ndipo mango akuthera. Ndinali nditatalika. Ndinawaona akutsika panjinga ya kabaza, abambo akuwagwira dzanja, ndipo ndinazindikira kuti ali ndi pakati, mimba yaikulu ndithu. Khungu lawo linali litayera chifukwa cha kuzizira, anavala nsapato zotseka, ndipo ankalankhula motsitsa mawu kusiyana ndi kale. Yamikani anali atayiwala njira ya ku mjigo. Tadala, amene anachoka ali kumsana, anabisala kuseri kwa chitenje cha amayi n'kufunsa kuti ameneyu ndani.

Ndinagwada n'kuwapatsa moni monga ndikanachitira ndi mlendo aliyense. Amayi anandigwira mapewa nthawi yaitali, akundiyang'ana kumaso, kenaka kumutu.

Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti amalize maphunziro, ndipo ine ndinali ndi nzeru yanga. Ndinati ndikawaonetsa kuti tsopano palibe chimene chimandivuta, adzaona kuti sindingakhale mtolo m'kanyumba kaja, ndipo adzanditenga. Choncho masiku onse amene anakhala, sindinawalole kugwira kanthu. Akati atenge tsache, ndinali nditasesa. Akati aone ngati malaya anga ang'ambika, ndinali nditasoka. Tsiku lina anandiona ndikukanda pamwendo pamene msundu unandiluma, nati, "Bwera ndione." Ndinayankha monyadira kuti ndathirapo kale madzi amchere. Mawu anga anali amodzi tsiku lonse: "Khalani, amayi, ndichita ndekha." Iwo ankabwerera pamkeka, n'kukhala, manja ali pamimba.

Loweruka lomaliza ndinalawirira. Ndinakhala ndi kagalasi kanga kuseri kwa khitchini, n'kumanga tsitsi mwaluso kuposa masiku onse, mizere yopingasa ngati timinda ta ku sikimu. Masana ndinaona amayi akuyala mkeka pansi pa mtengo wa mango. Anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chipeso chatsopano chofiira, ndi ulusi umene unali usanamasulidwe m'pepala lake. Anandiitana. Ndinabwera ndikuyenda pang'onopang'ono, n'kuchotsa mpango kumutu kuti aone.

Anayang'ana. "Wamanga kale."

"Ndekha," ndinatero. "Ndi kumbuyo komwe. Taonani."

"Wachita bwino, mwanangu." Anabweza ulusi uja m'chikwama. Chipeso anachisiya m'manja, akuchitembenuzatembenuza.

Amayi aakulu anali pakhomo la khitchini, ndipo anaona zonse. Anandiitana ndi mawu okalipa ngati ndapsereza ndiwo. Nditalowa anakankha chitseko.

"Masula tsitsilo."

"Chifukwa chiyani? Silinakhale bwino?"

"Lakhala bwino mopitirira. Masula."

"Ndavutika nalo kuyambira m'mawa."

"Iwe wavutika kuyambira m'mawa. Uyo ali pamkekayo wavutika nalo zaka ziwiri ndi kusefukira." Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane. "Tamvera, akoleji. Sabata yonseyi wam'manga manja mayi ako. Munthu wakwera njinga ndi mimba yotere, watsika phiri lonse lija, ukuganiza kuti wabwera kudzayendera ntchito zako ngati mlangizi wa ku sikimu? Akudziwa kuti umatha. Anakuphunzitsa ndi iyeyo, ndipo ankati akakuphunzitsa masana, madzulo ankabwera kuno kudzalira m'khitchini momwe muno. Tsopano m'siyireko kena kake koti akuchitire."

Sindinamvetse zonse. Ndinamasula chifukwa amayi aakulu sankanena chinthu katatu. Iwo anandithandiza kumbuyo, akudula ulusi ndi mpeni wosendera mbatata, mpaka tsitsi linaima nyankhalala. Ndinatuluka ndili wokwiya, n'kukaima patsogolo pa amayi.

"Lamasuka," ndinatero.

Amayi anayang'ana mutu wanga, anayang'ana kukhitchini kumene mkulu wawo ankanamizira kutsuka poto, ndipo sanafunse kuti lamasuka bwanji lonse nthawi imodzi. Anangotambasula miyendo nati, "Khala pansi."

Ndinali nditakula, ndipo mimba inali itatenga malo anga, moti ndinakhala motsamira pang'ono. Anathira mafuta a nsatsi m'manja, ndipo fungo lake linandibwezera pansi pa bwemba uja. Zala zawo zinali zitafewa, zosakhakhala ngati kale, koma zinkadziwa mutu wanga. Zinapeza kachipsera kamene ndinavulala ndili wamng'ono n'kukazungulira osakoka. Ankamanga pang'onopang'ono kwambiri. Kanyanga kamodzi ankakamanga, kukayang'ana, kukamasula, n'kuyambanso, ngakhale kanalibe vuto. Nthawi ina ndinamva kanthu kakundigunda pamsana, ndipo ndinadzidzimuka.

"Ndi m'bale wako ameneyo," anatero. "Akuti sendera."

Tinaseka tonse, koyamba chibwerere. Kenaka anayamba kundiuza za sukulu yawo. Anati tsiku loyamba anachita manyazi kugwira cholembera pakati pa akazi a anzawo amene anafika ku sekondale. Anati kumeneko kumazizira mpaka mafuta ophikira kugwirana m'botolo. Anati amawaphunzitsa kulandira alendo, kuyendera odwala, kusambitsa maliro, kuyanjanitsa mabanja.

"Amatiphunzitsanso kulera ana a mumpingo," anatero. Zala zawo zinaima pamutu panga. Ndinadikira kuti apitirize, koma anangoluma ulusi n'kuyamba kanyanga kena.

Ndinalimba mtima. "Munditenga?"

"Yatsala miyezi yochepa, Lonesi. Tikamaliza, kulikonse kumene akatitumize, woyamba kukwera galimoto ndiwe. Ukakhala kutsogolo ndi dalaivala, abambo ako kumbuyo ndi mbuzi."

Anamaliza dzuwa litapendeka kwambiri, ntchito imene kale ankaitha mphika wa nyemba usanawire. Kunena zoona, mizere yawo sinali yowongoka ngati yanga. Lolemba ananyamuka. Ulendo uno anacheuka.

Tsitsi lomanga ndi ulusi silikhalitsa. Pakapita masabata angapo limayamba kufutukuka m'mphepete, ulusi n'kumatuwa. Langa linafika pamenepo n'kupitirira. Anzanga kusukulu ankandiseka kuti ndasenza chisa cha mpheta. Ndinkangolikonza m'mbali ndi madzi, n'kufunda mpango pogona. Amayi aakulu, amene sankalekerera uve, anangolisiya choncho.

Uthenga unatipeza tili m'munda wa mpunga, madzi ali m'mawondo. Amene anabwera nawo ndi bambo wina wa golosale amene anali ndi foni. Anaima pa mzere wa ngalande atavula chipewa, naitana amayi aakulu pambali. Ndinawaona akukhala pansi m'matope momwemo. Matenda anayamba nthawi isanakwane, magazi anachuluka, ndipo ngakhale anathamangira nawo kuchipatala, amayi anapita pamodzi ndi mwanayo.

Maliro anabwera pa galimoto ya koleji. Munali ophunzira anzawo a abambo atavala masuti, ndi akazi awo atavala mabulauzi oyera. Anaimba bwino kwambiri, nyimbo za mawu anayi zimene m'mudzi mwathu tinali tisanazimvepo. Analalikira mmodzi wa aphunzitsi, ndipo anthu ankati ulaliki wotere sunamvekepo kuno. Ine sindikukumbukirapo liwu ndi limodzi lomwe. Chimene ndikukumbukira ndi mayi wina wa bulauzi yoyera amene anandipeza kuseri kwa nyumba.

"Ndiwe Lonesi," anatero, osafunsa. "Ndakuzindikira ndi kamangidweko. Tinayandikana nyumba ndi mayi ako. Loweruka lililonse ankapita kwa aphunzitsi ena kukapempha kamtsikana kawo ka msinkhu wako kuti akamange tsitsi. Sankalandira kanthu. Kamwanako kanafika pozolowera kuitanidwa dzina lako."

Kwathu maliro akatha, abale amameta. A mpingo wathu ena sagwirizana nazo, ndipo ndinaona amayi aakulu akuyang'ana abambo, lumo lili m'manja, anzawo a ku koleji ali pomwepo. Abambo anavula jekete n'kukhala pansi oyamba. Itafika nthawi yanga, amayi aakulu anagwira timinyanga tija totuwa, tofutukuka. Anadula kamodzikamodzi. Kotsiriza anakamasula ndi zala, natenga ulusi wake, naukulunga pachala changa.

Abambo anabwerera ku koleji n'kukamaliza. Anadzozedwa, natumizidwa ku mpingo wina wakutali. Yamikani ndi Tadala anapita nawo, ndipo patapita nthawi abambo anakwatiranso. Anandiitana, koma abale a amayi anati mwana wamkazi atsale pamudzi pa mayi ake, ndipo inenso sindinalimbikire. Galimoto ija ndinalibe nayonso chidwi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Anthu amati abambo ndi mbusa wabwino, wodziwa kukhala ndi ofedwa, ndipo ine sinditsutsa. Ndinawaonapo akutonthoza mwana wamasiye pamaliro ena, ndipo ndinadziwa kuti zimenezo sanaziphunzire m'kalasi mokha.

Lero ndili ndi ana atatu, ndipo woyamba, Tamanda, wafika msinkhu umene ndinali nawo chaka chija. Bambo ake amalima mpunga ndipo amalalikira mumpingo mwathu. Chaka chatha akuluakulu anabwera pakhomo pathu kudzanena kuti awasankha kuti akaphunzire zaubusa. Anafotokoza kuti masiku ano njira zilipo zingapo. Munthu angathe kukakhala ku koleji ndi banja lake mpaka atatenga dipuloma kapena digiri. Angathenso kuphunzira ali pakhomo, kumawerenga mabuku ndi kulandira maphunziro ena pafoni, n'kumapita ku koleji masabata ochepa pachaka kukakumana ndi aphunzitsi ndi kulemba mayeso. Njira yachiwiriyi imatenga zaka zambiri, ndipo munthu amayambira pa satifiketi. Akuluakuluwo ankafuna yoyamba, chifukwa mpingo wathu ulibe mbusa, ndipo ana akukula osabatizidwa.

Mwambo wake ndi wakuti amafunsanso mkazi. Mkulu wina anatembenukira kwa ine nati, "Mayi, mukuti bwanji?"

Ndinafunsa za nyumba. Anati ndi zomwe zija, sanazikulitse. Ang'onoang'ono awiri angathe kupita. "Wamkuluyu angatsale ndi abale," anatero mokoma mtima. "Timamuona, ndi mwana wochangamuka. Amatha zonse."

Tamanda anali pabwalo akutsuka mbale, osatumidwa.

Ine sindine munthu wolankhula pamaso pa akuluakulu. Ndinayang'ana pansi nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti amayi nawonso anayang'ana pansi chomwecho asanavomere. Kenaka ndinati, "Abambo, ntchito ya Mulungu sindikuikana. Ngati akufuna kupita okha, apite, ndiwalimira munda. Ngati aphunzirire pakhomo, ndiziwasungira nyali ndi kuletsa ana phokoso, zaka zonse zimene zingatenge. Koma kusankha awiri mwa atatu, ine sindingathe."

Bambo a Tamanda amaidziwa nkhani ya ulusi umene ndimasunga m'kachitini ka singano. Anasankha kuphunzirira pakhomo. Mkulu mmodzi potsanzika anandiuza kuti ndachedwetsa ntchito ya Mulungu ndi zaka zingapo. Mawu amenewo amandipwetekabe, chifukwa mwina ndi oona. Lamulungu lililonse ndimaona tebulo la mgonero lili lopanda kanthu, ndipo ndimadziwa kuti ndili ndi mbali pa zimenezo.

Amayi sindiwaweruza. Nthawi yawo njira inali imodzi, ndipo anaiyenda ndi mtima wosweka, osauonetsa. Ndinakula ndikuganiza kuti anandiumira mtima kuti ndiyenerere kupita nawo, kenaka ndinaganiza kuti anandisiya chifukwa sindinayenerere. Tsopano ndikudziwa kuti miyezi ija ankanditsanzika, ndipo analibe mawu ena otsanzikira koma ndowa, singano ndi kagalasi kosweka. Ndikudziwanso kuti sanacheuke pa matola paja chifukwa akanacheuka akanatsika. Ndipo chimene amayi aakulu anandiphunzitsa m'khitchini muja, chimene sindinachimve mpaka nditabereka, n'chakuti munthu amene amakukonda usamam'mane ntchito. Pa zonse zimene ndinawachitira amayi sabata ija, madzi, moto, kusesa ndi kuchapa, chimene analandira ndi chimodzi chokha: mutu wosamanga.

Tamanda ndimam'phunzitsa ntchito, chifukwa palibe amene amadziwa za mawa. Amasinja, amasoka, ndipo tsitsi anaphunzira yekha poonera anzake. Loweruka lapitali ndinayala mkeka, bambo ake ali pakhonde ndi buku lawo la zilembo za mapazi a nkhuku, akung'ung'udza okhaokha. Ndinatenga chipeso ndi ulusi n'kumuitana. Anabwera akukoka mapazi.

"Amayi, ndimatha ndekha."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Khala pansi."